Zipinda za pansi zamiyala m'nyumba zakale za mabwana ku Mangalande: mafunso ndi mayankho

Ukamayendera nyumba zakale za anthu olemera ku Mangalande, zimene eni ake amati manor house, maso a ambiri amakhala pa holo yaikulu, zithunzi za makolo zopachika pakhoma ndi mipando ija yoti sungakhalepo. Koma mbali yakale kwambiri ya nyumbayo nthawi zambiri imakhala kunsi, komwe alendo amangosuzumira n'kutuluka chifukwa cha kuzizira. Pano pali mafunso amene anthu amakonda kufunsa za zipinda zimenezi, kuyambira kamangidwe kake mpaka malamulo amene amamanga manja a mwini nyumba.

Kodi zipinda zimenezi n'chiyani kwenikweni?

Eni ake amati undercroft. Ndi chipinda chokhala kunsi kwa chipinda china chachikulu, makoma ake ochindikala, mawindo opyapyala oti olo mutu wa mwana sungadutse, ndipo denga lake si lamatabwa ayi, ndi miyala yosanjidwa mopindika kuchokera khoma ili kukagwira khoma ilo. Musaganize kuti zonse zili m'dzenje. Zambiri za m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 zinamangidwa pamtunda penipeni, umalowa osatsika olo sitepe imodzi, kungoti bwana ankakhala pamwamba pake. Zina lero zimaoneka ngati zokumba chifukwa dothi la panja lakhala likukwera kwa zaka 800, zigumukire, zinyalala, msewu kuthiridwa pamwamba pa msewu unzake, mpaka khomo linatsala m'munsi.

Nanga manor ndiye chiyani, ndi nyumba yachifumu?

Ayi. Manor inali dera, minda, nkhalango, chigayo, nthawi zina mudzi wonse, zonse m'manja mwa bwana mmodzi amene anthu ankamulimira ndi kumupatsa msonkho. Nyumba yake ndiyo inali likulu la deralo, komwe ankaweruzira timilandu ta m'mudzi komanso kulandirira zokolola. William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066 anagawira anthu ake malo, ndipo kalembera amene anachitika mu 1086 iye atalamula, uja wa Domesday, anatchula malo oposa 13,000. Mabwana ambiri mwa amenewa ankakhala m'nyumba zamitengo ndi dothi, zomwe zinawola kalekale kapena kupsa. Womanga ndi miyala anali munthu woti thumba lake likulemera ndithu, nde zimene tikuona lerozi ndi za ochepa okha.

Ankasungamo chiyani?

Chilichonse choopa moto, mbava ndi kutentha. Vinyo choyamba. Henry II atakwatira Eleanor wa ku Aquitaine mu 1152 n'kukhala mfumu mu 1154, dera la Bordeaux ku France linakhala logwirizana ndi ufumu wa Mangalande mpaka 1453, ndipo vinyo ankabwera pa zombo m'migolo ikuluikulu, waukulu kwambiri wa magaloni 252. Vinyo wa nthawi imeneyo sankakhalitsa, akangotha chaka wayamba kusasa, ndiye malo ozizira osasinthasintha ankathandiza. Mowa wawo wa masiku onse unali wosachedwanso kuwonongeka, ankaufulula pafupipafupi. Kenako nyama yothira mchere, paja mu Novembala ankapha ziweto zambiri chifukwa msipu wa m'nyengo yozizira sukanakwanira zonse, tchizi, makandulo, mchere weniweniwo womwe unali wodula, ubweya wa nkhosa wodikira ogula, pena mabokosi a zikalata ndi ndalama. Makiyi ankakhala ndi wantchito wamkulu wokhulupirika, ndipo chilichonse chotuluka chinkalembedwa, m'nyumba zazikulu mabuku a ndalama a tsiku ndi tsiku ena alipo mpaka lero osonyeza buledi ndi mowa umene unatha.

Chifukwa chiyani denga lamiyala, matabwa sakanakwana?

Akanakwana, ndipo nyumba zambiri zinali choncho. Koma taganizani, pamwamba pali chipinda cha bwana, muli moto ukuyaka usana ndi usiku m'nyengo yozizira, pansi anayala udzu wouma, kuwala kwake ndi kwa makandulo. Denga lamiyala linkalekanitsa moto ndi katundu, moto ukabuka kunsi sukwera msanga, ukabuka kumwamba chuma chimatsala. Linkathanso kusenza malo osonkhapo moto amiyala komanso pansi poyala matailosi. Ndipo tisanamizane, panalinso kudzionetsera. Mlendo akalowa n'kuona mizati yosema bwinobwino m'chipinda chosungira tchizi, ankadziwa kuti wafika kwa munthu.

Ankamanga bwanji popanda simenti ndi zitsulo? Miyalayo sigwa?

Apa ndiye pali luso lenileni. Akalipentala ankayamba ndiwo, kupanga chimango chamatabwa chopindika mmene dengalo lidzakhalire. Amisiri a miyala ankasanja miyala pamwamba pa chimangocho kuyambira m'mbali zonse ziwiri, mwala uliwonse wosemedwa mopyapyala kumunsi ndi motambalala kumtunda, mpaka mwala womaliza kulowa pakati. Akatero amadikira matope agwire, kenako n'kugwetsa timitengo tochirikiza pang'onopang'ono, chimango n'kutsika, dengalo n'kutsala lokha. Mwala uliwonse umafuna kugwa koma anzake aupanikiza, ndiye kulemera konse kumathawira m'mbali n'kukankha makoma. N'chifukwa chake makomawo ndi ochindikala choncho, kupitirira mita nthawi zambiri. Khoma likangoyamba kutsegukira kunja olo pang'ono, mng'alu umaoneka pakati penipeni pa denga, ndipo mainjiniya akalowa m'chipinda chotere maso amayamba kuponya pamenepo.

Mitundu yake ilipo itatu yodziwika. Losavuta ndi lija longopindika kuyambira kukhomo mpaka kumapeto, ngati la ku Old Soar Manor ku Kent, la cha m'ma 1290. Lachiwiri ndi pamene madenga awiri otere adutsana mopingasa n'kupanga mizere yakuthwa. Lachitatu ndi la nthiti, pomwe amayamba amanga mauta amiyala owonda kuchokera pa mizati, kenako n'kutseka mipata yake ndi miyala yopepukirapo. Limeneli ndiye lokongola, komanso linkapulumutsa matabwa chifukwa chimango chimodzi ankachisuntha n'kugwiritsanso ntchito.

Matope ake anali a laimu. Ankawotcha miyala ya laimu mu uvuni pa moto wa madigiri pafupifupi 900, n'kuithira madzi, imachita kuwira n'kutulutsa nthunzi, kenako kusakaniza ndi mchenga. Laimu amauma mochedwa kwambiri, miyezi, mkati mwa khoma mwina zaka, ndipo chisanu chikamupeza asanagwire amafumbutuka, nde ntchito inkaima nyengo yozizira, makoma osatha ankawafunditsa udzu. Mukalowa m'chipinda chotere yang'anani kumwamba ndi tochi, pena mumaona mizere ya matabwa a chimango chija itadindika m'matope. Ku Ireland, m'nsanja zambiri za mabwana, amisiri ankagwiritsa ntchito mphasa zoluka ndi timitengo m'malo mwa matabwa, ndipo malukidwe ake akuonekabe kudenga, timitengo tina tikadali momwemo.

Zitsanzo zabwino zili kuti?

Ku Burton Agnes, kufupi ndi Driffield ku Yorkshire, kuli nyumba imene Roger de Stuteville anamanga cha m'ma 1170. Ukaiona panja sungaipatse ulemu, ndi chinyumba chanjerwa chamawindo wamba, chifukwa patapita zaka mazana anaikuta ndi njerwa, banja litasamukira m'nyumba yatsopano yaikulu imene Sir Henry Griffith anamanga pambali pake cha m'ma 1600, ndipo yakaleyo inasanduka mochapira zovala. Koma ukangolowa, mizati yonenepa yaifupi ili ndandanda pakati, nthiti zamiyala zikutuluka pamwamba pake kupita mbali zonse. Kwa ine iyi ndiyo imaphunzitsa bwino nkhani yonseyi, inapulumuka chifukwa inali ndi ntchito, olo ntchito yake inali yonyozeka.

Boothby Pagnell ku Lincolnshire, ya cha m'ma 1200, ndi imene imapezeka m'mabuku ambiri a ophunzira zomangamanga, koma ili pamalo a munthu. Wingfield Manor ku Derbyshire inamangidwa m'ma 1440 ndi Ralph Cromwell, msungichuma wa ufumu, holo ya pamwamba inatsala yopanda denga koma chipinda cha kunsi kwake chikadali chilili, chachikulu, nthiti zake zokumana pa miyala yozokotedwa. Penshurst Place ku Kent ndi ya 1341, ya Sir John de Pulteney, wamalonda amene anakhala meya wa London kanayi, ndipo banja la Sidney lakhala pamenepo kuyambira 1552. Palinso nyumba zimene poyamba zinali za amonke ndi masisitere, Henry VIII atatseka nyumba zimenezi pakati pa 1536 ndi 1540 olemera anazigula n'kukhala pamwamba, kunsi n'kusiya mmene kunalili. Lacock Abbey ku Wiltshire ndi chitsanzo, inakhazikitsidwa mu 1232, William Sharington n'kuisandutsa nyumba yake.

Ndinamva kuti akatswiri amatsutsana za chipinda cha pamwambacho, zoona?

Eya. Kwa nthawi yaitali anthu ankatsatira maganizo a Margaret Wood akuti nyumba ngati ya ku Boothby Pagnell inali yathunthu, kunsi kosungira katundu, kumwamba holo yodyeramo ndi kuweruziramo milandu. Mu 1993 John Blair anatsutsa, anati ayi, chimene chatsalachi ndi chipinda chogona cha bwana chabe, holo inali nyumba ina payokha pabwalo, nthawi zambiri yamitengo, ndipo inatha. Atakumba pa Boothby Pagnell pompo anapezadi maziko a chinyumba china chachikulu pafupi. Nkhaniyi ikukhudza chitetezo, chifukwa ngati theka la nyumba lili pansi pa kapinga, kuteteza makoma okhawo osateteza nthaka yozungulira ndi kusiya theka la umboni kwa aliyense wobwera ndi thirakitala.

Kodi si mmene ankatsekeramo akaidi? Nanga njira zobisika zija?

Funso limeneli silisowa. Zambiri sizinali ndende, mabwana a manor analibe akaidi oti n'kumangira chipinda chodula chonchi, ndipo mbedza zachitsulo mumaziona kudengazo zinali zopachikapo nyama. Mary, mfumukazi ya ku Scotland, anasungidwadi ku Wingfield mu 1569 komanso mu 1584 mpaka 1585, koma ankakhala m'zipinda zabwino ndi gulu la antchito ake, osati kunsi ndi migolo. Njira zobisika zimene amati zimakatulukira kutchalitchi cha kutali, akazifufuza zambiri zimapezeka kuti ndi ngalande za madzi oipa.

Chiwembu chenicheni chimene chinachitikira m'chipinda chotere ndi cha 1605, pomwe Guy Fawkes anagwidwa akulondera migolo 36 ya wonga kunsi kwa nyumba ya malamulo ku Westminster. Anzake anachita kubwereka chipindacho ndi lendi ngati malo osungira nkhuni, zinali zachizolowezi kubwereketsa zipinda zimenezi. Mpaka lero asilikali a mfumu amayendera kunsi kwa nyumbayo ndi nyali tsiku lotsegulira nyumba ya malamulo, ngakhale nyumba yakaleyo inapsa mu 1834.

Amadziwa bwanji zaka zake?

Poyamba maonekedwe. Uta wozungulira ndi wa nthawi ya Anormani, wosongoka pamwamba unafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 kupita m'tsogolo, ndipo zozokota za pamitu ya mizati zinkasintha ngati fashoni. Mabala a nkhwangwa kapena tchizulo pamwala amanenanso zambiri. Ngati pamwamba patsala mitengo yakale, amabowola kachidutswa n'kuwerenga mizere ya mtengowo, pena amapeza chaka chenicheni chimene unadulidwa. Kenako zikalata, mwachitsanzo chilolezo cha mfumu choti munthu amange mpanda wankhondo pa nyumba yake, Stokesay inalandira mu 1291, Markenfield Hall mu 1310.

Lamulo loteteza linayamba liti?

Mochedwa, ndipo movutikira. Mabwana a m'nyumba ya malamulo ndi omwewo anali eni malo, nde sankafuna boma liziwauza zochita pa katundu wawo. Sir John Lubbock analimbana nawo zaka pafupifupi khumi mpaka lamulo loyamba linadutsa mu 1882, koma linangotchula malo 68, ambiri a miyala ndi zitunda za anthu akalekale, nyumba ngati tikukambazi munalibemo, ndipo mwini akakana boma linalibe chochita.

Chimene chinadzutsa anthu ndi nkhani ya Tattershall Castle ku Lincolnshire, yomangidwa ndi Ralph Cromwell yemwe uja. Cha mu 1911 inagulitsidwa, malo osonkhapo moto osema bwino aja anazulidwa m'makoma kuti akagulitsidwe kunja, ku America. Lord Curzon anagula nyumbayo, anasakasaka miyalayo n'kuibweza mu 1912, ndipo mu 1913 kunabwera lamulo lopatsa boma mphamvu yoletsa kuwononga. Koma nyumba zokhalamo anthu linazisiyabe. Mndandanda wa nyumba zotetezedwa unabwera chifukwa cha mabomba a nkhondo yachiwiri, malamulo a 1944 ndi 1947, pomwe kunafunika kudziwa kuti pa zogumukazo chofunika kupulumutsa ndi chiti. Olo zinali choncho, m'ma 1950 nyumba zikuluzikulu zakumidzi zinagwetsedwa zambirimbiri chifukwa eni ake analephera misonkho ndi kukonza, mpaka chionetsero cha ku Victoria and Albert Museum mu 1974 chinaonetsa anthu kuchuluka kwa zimene zinatayika.

Nanga lero chitetezo chake chimayenda bwanji?

Pali njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi listing, kuika nyumba pa mndandanda uja, pansi pa lamulo la 1990, ya nyumba zimene zikugwirabe ntchito. Magiredi ndi atatu, Grade I ya zofunika kopambana zomwe ndi pafupifupi 2.5 peresenti yokha, Grade II* pafupifupi 6 peresenti, zotsalazo Grade II. Nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700 imene ikuonekabe mmene inalili imakhala pa mndandanda pafupifupi mosakayikitsa, ndiye nyumba ya chipinda cha 1200 nthawi zambiri imakhala m'magiredi apamwambawo. Yachiwiri ndi scheduling, pansi pa lamulo la 1979, ya mabwinja ndi zokwiririka m'nthaka, malo pafupifupi 20,000. Nyumba yoti banja likukhalamo siilowa m'njira yachiwiriyi, koma nthaka ya pabwalo pake ikhoza kulowa.

Amene amafufuza ndi kulangiza ndi bungwe la Historic England, koma wosaina ndi nduna ya boma. Musalisokoneze ndi English Heritage, anali amodzi mpaka 2015, pano English Heritage ndi bungwe lachifundo losamalira malo oposa 400 otsegukira alendo. National Trust ndi inanso, si ya boma, inayamba mu 1895. Ku Wales kuli Cadw, ku Scotland kuli Historic Environment Scotland ndipo magiredi awo ndi A, B ndi C.

Nyumba ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga. Sindingakonze chipinda changa mmene ndikufunira?

Simungatero. Listing imagwira nyumba yonse, kunja ndi mkati, olo chikalata cha boma chitangotchula za kutsogolo kokha, komanso timanyumba ndi mipanda ya pabwalo yomangidwa chisanafike Julaye 1948 ikhoza kulowa momwemo. Mukafuna kuboola khoma kuti padutse paipi, kukumba pansi kuti mutu usamagunde, kupaka pulasitala kapena kutsegula windo, mumapempha chilolezo ku khonsolo, listed building consent, ndipo fomu yakeyo ilibe malipiro, chodula ndi akatswiri ojambula mapulani ndi kulemba lipoti lofotokoza kufunika kwa chimene mukufuna kukhudzacho. Nyumba ikakhala ya giredi yapamwamba khonsolo imafunsanso Historic England.

Kugwira ntchito popanda chilolezo ndi mlandu, osati wa chindapusa cha pamsewu ayi, chindapusa chake chilibe malire ndipo khothi lalikulu likhoza kukutumizani kundende mpaka zaka ziwiri, komanso limayang'ana phindu limene munapeza pa kuwonongako. Kunena kuti sindimadziwa kuti ndi yotetezedwa sikuthandiza. Inu abale athu amene mumagwira maganyu a zomangamanga ku UK mumvetse apa, woimbidwa mlandu si mwini nyumba yekha, wogwira hamala nayenso amalowa, ndiye bwana akati gumulani apa m'nyumba yakale, kufunsa ngati pepala lilipo si mwano. Chinanso, khonsolo ikhoza kulamula kuti zimene zinasinthidwa zibwezeretsedwe olo patapita zaka zambiri, ndipo wogula nyumbayo amasenza udindo wobwezeretsa zimene mwini wakale anasintha.

Ndiye ngati boma likuletsa, limaperekanso ndalama zokonzera?

Apa ndiye pamene pagona vuto. Lamulo ndi lamphamvu poletsa dzanja lowononga, koma ndi lofooka pa mwini amene wangokhala osachita kanthu, denga likudontha chaka ndi chaka. Khonsolo ili ndi mphamvu yokonza mwachangu n'kutumiza bilu kwa mwini, kapena kumulembera mndandanda wa zoti akonze, akapanda kutero pakatha miyezi iwiri ikhoza kuyamba njira yogula nyumbayo mokakamiza. Koma ndi khonsolo iti ikufuna kusenza chinyumba chofuna mamiliyoni a mapaundi? Ndiye mphamvuzi sizigwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Thandizo la Historic England limapita makamaka ku nyumba zimene zili pa mndandanda wa zomwe zili pangozi, Heritage at Risk, umene umatuluka chaka chilichonse. Ndalama za lotale, kudzera ku National Lottery Heritage Fund, zimakonda malo amene anthu wamba apindule nawo. Msonkho wa VAT ndiye umakwiyitsa ambiri, kukonza nyumba yakale umalipira 20 peresenti pomwe kumanga nyumba yatsopano yokhalamo sulipira, ine ndimaona kuti pamenepa boma likudzitsutsa lokha. Mabanja ena amakhululukidwa msonkho wa chuma cha masiye akalonjeza kusamalira nyumbayo ndi kulola anthu kudzaona masiku ena pachaka. Otsalawo amadzithandiza ndi maukwati, matikiti, makampani a mafilimu ndi tiyi. Kuti muone kukula kwa ndalama zake, Ightham Mote ku Kent, yomwe ilinso ndi kachipinda kotere ka m'ma 1300, National Trust inaikonza kuyambira 1989 mpaka 2004 ndipo zinadya mapaundi pafupifupi 10 miliyoni.

Chimawononga kwambiri zipindazi n'chiyani?

Madzi, komanso anthu a mtima wabwino onyamula thumba la simenti. Khoma lamiyala ndi laimu limagwira ntchito ngati mtsuko wadothi wa madzi akumwa, chinyezi chimalowa n'kutuluka chokha kudzera m'timabowo tosaoneka, bola mphepo izidutsa. Simenti, imene Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa mu 1824, ndi yolimba kuposa miyala yambiri ya m'nyumbazi ndipo salola madzi kudutsa. Munthu akamata simenti m'mizere ya pakati pa miyala, madzi amasowa potulukira, ndiye amatulukira m'mwala weniweniwo atasenza mchere wa m'nthaka, mcherewo ukauma umatupa n'kufumbula nkhope ya mwala, chisanu n'kudzamaliza. Pakatha zaka mumapeza mizere ya simenti ili njo, miyala italowa mkati, ukapaka chala ufa uli mbuu. Ntchito yambiri ya amisiri a masiku ano ndi kugoba simenti ya m'ma 1950 ndi 1960 ndi tchizulo, pang'onopang'ono, n'kubwezeretsa laimu.

Zinanso ndi zomwezo za madzi, magatala otsekeka ndi masamba, maluwa odzalidwa mogundana ndi khoma, konkire wa pabwalo wotsetserekera kunyumba, mawindo aang'ono aja kutsekedwa kuti musamazizire. Kuika hita yamphamvu nakonso kumawononga, khoma likauma mofulumira mchere umatuluka wambiri. Ndipo wina akachotsa kanyumba kogundana ndi khoma osadziwa kuti ndiko kamaletsa khomalo kutseguka, denga limayamba kung'aluka. Bungwe loteteza nyumba zakale la SPAB, limene William Morris anayambitsa mu 1877, lakhala likulalikira zomwezi kuyambira kale, kusamalira pang'onopang'ono nthawi zonse, kukonza chowonongeka chokhacho, osasema mwala watsopano kuti uoneke wakale.

Kodi n'zololedwa kusandutsa chipinda chotere lesitilanti kapena bala?

Zimatheka, ku Durham Cathedral anthu amadyera m'chipinda chotere. Akuluakulu a zachitetezo amakonda nyumba yogwira ntchito kusiyana ndi yotsekedwa, kungoti mawaya, mapaipi ndi magetsi aikidwe moti tsiku lina akhoza kuchotsedwa osasiya bala pamwala.

Za mileme ndi zoona kapena nthabwala?

Ndi zoona zenizeni. Mileme yonse ku Britain ndi yotetezedwa kuyambira lamulo la 1981, pamodzi ndi malo ake ogona, olo ilibemo tsiku limenelo. Zipinda zozizira zachinyezi zimenezi ndi zimene imakonda kugonamo nyengo yonse yozizira, imalowa m'ming'alu ya pakati pa miyala, momwemo mmene mmisiri akufuna kumata. Ndiye ntchito isanayambe amabwera katswiri kudzafufuza, ikapezeka pamafunika laisensi ya Natural England, bungwe la boma loona zachilengedwe, ndipo kontilakita amadikira mpaka nyengo yoyenera, ming'alu ina n'kuisiya dala yosamata.

Ndikapeza ndalama zakale kapena mphete pansi pake, ndi zanga?

Lamulo la 1996 limati chimene chingakhale chuma chakale, monga golide ndi siliva wa zaka zoposa 300, mukanene kwa coroner, mkulu wa boma amene amagamula ngati chilidi chuma chotere, pasanathe masiku 14. Nyumba yosungira zakale ikachifuna pamakhala mphotho, imene nthawi zambiri wopeza amagawana ndi mwini malo. Koma kuyenda ndi makina ofufuzira zitsulo pamalo a scheduling popanda chilolezo cha Historic England ndi mlandu pawokha, olo mwini munda atakulolani.

Kwathu kuno zilipo zotere?

Zipinda za zaka 800 ngati izi ayi, koma kamangidwe ka mauta mukhoza kukaona pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott ndi amisiri a komweko. Malawi alinso ndi lamulo lake, Monuments and Relics Act, loteteza nyumba ngati imeneyi ndi Mandala House ya 1882. Nkhani ya simenti pa njerwa zakale zofewa ija ikugwiranso ntchito chimodzimodzi.

Ndili ku UK, ndikufuna kukaona. Ndiyambire pati?

Burton Agnes Manor House ndi Old Soar Manor kulowa ndi kwaulere, koma zimatsegulidwa miyezi yofunda, ndiye yang'anani kaye pa intaneti musanakwere sitima. Wingfield ili mkati mwa famu ya munthu ndipo kulowa kumakhala koletsedwa nthawi zambiri, musangopita. Penshurst ndi Lacock ndi za tikiti. Mwezi wa Seputembala kumakhala Heritage Open Days, pomwe malo ambiri otsekedwa chaka chonse amatsegulidwa ulere. Ngati simusamala kuti chipindacho chinali cha bwana kapena cha wamalonda, Southampton ili ndi zipinda za vinyo zambiri pansi pa tauni yakale, zina anthu ankabisalamo pothawa mabomba pa nkhondo yachiwiri, ndipo ku Winchelsea ku Sussex ziliko zoposa 30 za cha m'ma 1300, zina amazionetsa pa maulendo okonzedwa. Kuti mudziwe giredi ya nyumba iliyonse, National Heritage List for England ili pa intaneti, mumangolemba dzina kapena postcode. Tengani juzi olo kunja kukutentha, nsapato zosaterera chifukwa masitepe ake ndi odyeka pakati, ndipo amtali muziwerama pakhomo.